Lipoti la msonkhano wa manjenje ndi zithunzi za ubongo wa okalamba

Amayi apampando, akuluakulu a komiti, ndi inu nonse amene timayendera limodzi agogo athu ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Bangwe, landirani moni.

Munandituma ku msonkhano wa azaumoyo umene unachitikira mumzinda wathu uno wa Blantyre, wokamba za okalamba onjenjemera ndi zimene makina ojambula ubongo amaonetsa mwa iwo. Funso limene munandipatsira linali limodzi: kodi agogo athu a manjenje tiziwasonkhera ndalama kuti akajambulidwe mutu? Yankho ndabwera nalo. Ambiri mwa iwo chithunzi sichingawathandize kanthu. Alipo ochepa amene chingawathandize kwambiri, ndipo ntchito yathu ndi kuwazindikira ochepawo.

Chigawo cha m'mawa chinali cha mmene makinawo amagwirira ntchito, ndipo sindikutopetsani nacho. Gwirani izi zokha. CT imajambula ndi X-ray, imatha m'mphindi zochepa, ndipo imaona bwino magazi otayikira m'mutu. MRI imagwiritsa ntchito maginito amphamvu, imasokosa, ndipo munthu amayenera kugona osasuntha kwa theka la ola kapena kuposerapo, zovuta zedi kwa gogo amene mutu umagwedera wokha. Amene ali ndi chitsulo m'thupi, makamaka kachipangizo kothandiza mtima kugunda, anene asanalowe. MRI ya ku chipatala cha Gulupu inabwera mu 2008 chifukwa cha kafukufuku wa malungo a muubongo mwa ana, wotsogoleredwa ndi Dr Terrie Taylor, ndipo ndi imene inaonetsa mu 2015 kuti ana ambiri omwalira ndi malungowa ubongo umakhala utatupa. Makina oterewa ndi ochepa kuno kwathu, pamzere pamakhala odwala ali kayakaya, choncho si malo opitako kukangoona.

Nkhani inayamba kukoma pamene dokotala wa matenda a ubongo anaimirira. Ubongo uli ndi mbali yotuwa, kunjaku, kumene kuli maselo oganiza, ndi mbali yoyera, mkati, imene ndi mitolo ya timitsempha tonyamula uthenga kuchoka mbali ina kupita ina ndi kutsikira kumsana. Kamtsempha kalikonse nkokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, monga waya wa magetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Chokutiracho chikayamba kunyenyeka, uthenga umayendabe koma mochedwa ndi modukiza. Mbali yoyerayi imadyetsedwa ndi timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri, tatitali, topanda njira ina yolambalala. BP ikakhala yokwera zaka ndi zaka, makoma a timitsemphati amakhuthala, mpata wa magazi umachepa, ndipo malo amene anali kudyetsedwawo amayamba kuwonongeka. Shuga ndi fodya zimachita zomwezo, ukalamba nawonso.

Malo owonongekawo pa MRI amaoneka ngati mabanga owala, pa CT amaoneka akuda. Dokotala wa ku Canada, Vladimir Hachinski, anawatcha leukoaraiosis mu 1987, ndipo chaka chomwecho Franz Fazekas wa ku Austria anakhazikitsa muyeso umene akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Pa pepala la zotsatira mukaona Fazekas 0, palibe mabanga. Fazekas 1 ndi timadontho tobalalika. Fazekas 2, madontho ayamba kulumikizana. Fazekas 3, alumikizana kukhala zigamba zikuluzikulu. Ndakulemberani izi chifukwa mabanja amatibweretsera mapepalawa kuti tiwawerengere, nkhope zili zakugwa, poganiza kuti gogo ali ndi chotupa.

Si chotupa, ndipo si zachilendo. Ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, anajambula anthu oposa 1,000 a zaka 60 mpaka 90, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2001 zinaonetsa kuti anthu 5 okha pa 100 alionse ndi amene analibiretu mabanga. Tanthauzo lake nlakuti mukatenga gogo aliyense wonjenjemera nkumulowetsa m'makina, kawirikawiri mabanga muwapeza. Mukatenga mnzawo wa manja okhazikika, amene amalowetsa yekha ulusi pasingano, muwapezanso. Apa mpamene pagona nkhani yonse: kupezeka kwa mabanga mwa munthu wa manjenje sikutanthauza kuti mabangawo ndi amene abweretsa manjenjewo.

Manjenje amazindikirika ndi maso, osati ndi makina. Amene timakumana nawo kawirikawiri ndi aja amabwera munthu akamagwira ntchito: ponyamula kapu ya tiyi, pomanga mabatani, posayina. Amagwira manja onse awiri, nthawi zina mutu ndi mawu, amayenda kumtundu, ndipo manja akapuma pamwendo amakhala chete. Madokotala amawatcha essential tremor, ndipo mwa anthu opitirira zaka 65 amapezeka mwa 4 kapena 5 pa 100 alionse. A matenda a Parkinson, amene James Parkinson wa ku London anawafotokoza mu 1817, amachita mosiyana. Dzanja limanjenjemera likangokhala, kawirikawiri limayamba limodzi, chala chachikulu chimapekesana ndi chamkombaphala, ndipo munthu akatambasula dzanjalo kuti atenge kanthu manjenje amachepa. Pamwamba pake thupi limauma, zochita zonse zimachedwa, nkhope imasiya kuonetsa zakukhosi. M'matenda awiri onsewa MRI wamba siionetsa chizindikiro chotsimikizira. Oyambawo amachepetsedwa ndi propranolol kapena primidone, achiwiriwo ndi levodopa, ndipo dokotala amasankha atamuona munthu akukhala, akuyenda ndi kulemba. Propranolol si ya munthu wa mphumu. Izi anazibwereza kangapo.

Namwino wina wachikulire anatikumbutsa chimene ndikuona kuti ife tingathe kuchita mawa lomwe: kutsegula kajumbo ka mankhwala. Salbutamol ya mphumu imanjenjemeretsa. Sodium valproate ya khunyu, amitriptyline, lithium, chimodzimodzi. Haloperidol ndi chlorpromazine za matenda a maganizo, ngakhale metoclopramide yoletsa kusanza, zimatha kumusandutsa munthu kukhala ngati wa Parkinson. Palinso chithokomiro chogwira ntchito mopyola, shuga wotsika mwa amene amamwa mankhwala osadya, ndi manjenje a m'mawa a munthu amene wasowa kachasu. Zonsezi sizifuna chithunzi. Tisawasiyitse tokha mankhwalawo, makamaka a khunyu, koma tizilemba maina nkuwaperekeza kuchipatala.

Nanga mabangawo akachuluka amachita chiyani? Amaonekera m'miyendo kuposa m'manja. Gogo amayenda mokhwekhwereza, mapazi atatalikirana, phazi limakanirira pansi akafuna kuyamba kuyenda kapena kutembenuka, ndipo amagwa pafupipafupi. Mkodzo umawapulumuka. Maganizo amayenda mochedwa, chidwi cha zinthu chimatha, ena amangokhala khuma. Manja amatha kukhala abwinobwino, ndipo levodopa sathandiza kwenikweni. Gogo wotere, woiwala, wopezeka usiku atasokera pakhomo pa eni, mukudziwa nonse dzina limene amapatsidwa m'madera mwathu, ndi zimene zimatsatira. Tikamalankhula ndi amfumu ndi achinyamata tizinena mosapsatira kuti ndi mitsempha ya magazi ya muubongo imene yatha, ndipo imaoneka pa chithunzi. Ofufuza a ku London atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2010 anapeza kuti amene ali ndi mabanga ochuluka chiopsezo chawo cha sitiroko chimakwera pafupifupi katatu, ndipo cha matenda oiwala pafupifupi kawiri. Ndiye mabangawo si opepuka ayi. Kungoti chimene akuchenjeza si manjenje.

Pali nthenda imodzi imene manjenje ndi mbali yoyera zimayenderadi limodzi, ndipo ndi imene inandigwira mtima koposa. Amaitcha FXTAS. Inafotokozedwa koyamba mu 2001 ndi Dr Randi Hagerman ndi anzake a ku California. Iwo ankaona ana a nthenda ya fragile X, imene imachedwetsa mwana kulankhula ndi kuphunzira, makamaka anyamata. Amayi obwera ndi anawo ndi amene ankadandaula kuti bambo awo owabereka kunyumba ayamba kunjenjemera ndi kudzandira. Atawayeza agogowo, gwero linapezeka kuti ndi limodzi. M'kachidutswa ka chibadwa kotchedwa FMR1 muli kachigawo kamene kamabwerezabwereza. Kakabwereza pakati pa 55 ndi 200, munthu amakula bwinobwino, kukwatira, kugwira ntchito, koma akapitirira zaka 50 ena amayamba manjenje a pogwira zinthu, kenaka kudzandira ngati woledzera, dzanzi kumapazi ndi kuiwala. Bambo wotere amapatsira ana ake onse aakazi, osati aamuna. Mwa ana aakaziwo kachigawoko kamatha kukula popita kwa mwana wawo nkupitirira 200, ndipo mdzukuluyo ndiye amabadwa ndi fragile X. Ena mwa amayiwa amasiya kusamba asanafike zaka 40.

Pa MRI nthendayi ili ndi chizindikiro chake: kuwala mbali zonse ziwiri pa mitolo imene imalumikiza ubongo waung'ono wa kunkhongo, umene umasunga munthu kuti asapepesuke, ndi tsinde la ubongo. Malo amenewa BP kawirikawiri siiwalitsa chomwecho. Chizindikirochi chimapezeka mwa amuna ambiri odwala nthendayi koma osati onse, ndipo chotsimikizira ndi kuyeza magazi. Mankhwala ochiza kulibe, alipo ongochepetsa zizindikiro. Phindu la kudziwa lili kwa banja, makamaka ana aakazi amene akuberekabe. Maganizo anga ndi akuti funso la adzukulu ndi lathu kuposa la dokotala. Iye amaona gogo yekha kwa mphindi zochepa. Ife timakhala pakhonde nkuona mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri amene sanayambe kulankhula bwino. Koma tifunse mwaulemu, chifukwa nkhani za kumtundu zimapasula mabanja, ndipo mlandu umathamangira kwa mayi.

Dokotala wina anawonjezera za kwathu kuno, zimene mabuku a ku Ulaya sakhalitsapo. HIV nayo imawononga mbali yoyera, makamaka mwa amene sanayambe ma ARV kapena anasiya, ndipo chindoko chakale ndi kuchepa kwa vitamini B12 zimatha kusokoneza mayendedwe ndi maganizo. Okalamba ambiri sayezedwa HIV poganiza kuti msinkhu wawo unadutsa. Kuyeza nkwaulere, ndipo kuyambe kuchitika munthu asanaganize za MRI.

Panali kusagwirizana pang'ono. Wachinyamata wina ankati wokalamba aliyense wa manjenje azijambulidwa kuti pasaphonyeke kanthu. Achikulire anamuyankha kuti chithunzi chimene sichisintha chithandizo chimangosiya mantha ndi ngongole. Ine ndili mbali ya achikulirewo. Anagwirizana kuti wofunika kuthamangira naye ndi amene manjenje kapena kufooka kwabwera mwadzidzidzi, mbali imodzi, pakamwa papotoka kapena mawu asokonekera; amene zinthu zikuipa m'masabata ochepa; amene mutu ukuwawa mosalekeza, akusanza kapena wayamba kukomoka; ndi amene anagwa nkumenyetsa mutu, ngakhale mwezi wapitawo, ndiye tsopano akusokonezeka kapena kungogona. Womalizayu amatha kukhala ndi magazi oundana pang'onopang'ono pansi pa chigaza, CT imawaona, ndipo opaleshoni imamudzutsa. Winanso ndi amene kuyenda, mkodzo ndi kuiwala zavuta pamodzi, chifukwa nthawi zina amakhala madzi ochuluka muubongo, amene ali ndi chithandizo chake.

Ndinafunsa ngati mabangawo amafufutika. Anati kawirikawiri ayi, koma kukula kwake kumachedwetseka. Ku America, kafukufuku wa SPRINT anaonetsa mu 2019 kuti amene nambala yapamwamba ya BP yawo ankaitsitsira pansi pa 120 mabanga ankakula pang'ono poyerekeza ndi amene ankaisiya pansi pa 140. Anachenjeza kuti kwa gogo wofooka kutsitsa kwambiri kumabweretsa chizungulire ndi kugwa, choncho muyeso wa aliyense auike ndi dokotala, ndipo BP iziyezedwa atakhala ndiponso ataimirira. Kuno ku Malawi kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa nkomwe. Amene anali ndi zaka 50 nthawi imeneyo ndi amene tikuwayendera lero. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasipuni ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi uja uli kale mu nsomba zouma ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Aspirin asamwe mwa okha chifukwa choti chithunzi chaonetsa mabanga. Timitsempha tomweto timathanso kuchucha magazi.

Tsono ndikupempha komiti kuti ndalama imene tinkafuna kusonkha ya zithunzi tigulire makina oyezera BP, kuti dera lililonse likhale ndi akeake, pamodzi ndi mabatire. M'kaundula wa maulendo athu tiwonjezere malo olemba ngati manjenje amabwera dzanja likupuma kapena likugwira ntchito, mankhwala onse amene gogo akumwa, ndi kuti wagwa liti. Achibale akalola, tizijambula kavidiyo kakafupi pafoni gogo akumwa madzi ndi akuyenda, chifukwa tsiku la kuchipatala manjenje amatha kubisala. Madokotala anati timavidiyoti timawathandiza kwambiri. Thumba laling'ono lisungidwe la galimoto kwa amene agwera m'gulu lothamangira lija. Namwino amene anakamba za mankhwala wavomera kudzatiphunzitsa kuyeza BP, koma akuti likhale Loweruka, ndiye amayi apampando atiuze lake kuti ndimudziwitse.