Kalata kwa Chisomo, amene akupita ku Guangzhou

Wokondedwa Chisomo,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mwendo wa bambo ako ukuvutabe kukazizira.

Mlongo wako wandiuza kuti visa yatuluka, ndipo unyamuka mu October, nthawi ya Canton Fair, chionetsero chachikulu cha zamalonda cha mumzinda wa Guangzhou ku China. Za katundu ndi ma ajenti tinakambirana kale pa foni. Za chakudya sitinakambe, ndipo iwe ndimakudziwa. Ukangofika udzayamba kufunsa komwe kuli nsima, ndipo anzako adzakutengera ku Xiaobei komwe kuli malo odyera a anthu a ku Africa. Pita ndithu tsiku lomwe mtima wakumbuka kwanu. Koma usathere ulendo wonse kumeneko ndi ku KFC. Anthu amene ukukagula nawo katundu amadziwana ndi munthu patebulo, ndiye uphunzire kudya komwe eni ake amadya.

Sindikunena za mahotela akuluakulu. Ndikunena timalo ting'onoting'ono ta m'makwalala a kuseri, komwe mwamuna ali kukhitchini, mkazi akulandira ndalama, mwana akulemba homuweki patebulo lapakona. Posankha usayang'ane kukongola kwa khomo, yang'ana anthu. Masana cha m'ma 12 koloko kapena madzulo cha m'ma 6, pomwe padzaza ogwira ntchito ndi agogo ndi zidzukulu zawo, lowa pamenepo, chifukwa ndiwo sizigona. Amadya mofulumira anthu aja. Ukafika 3 koloko masana ukhoza kupeza ophika akupuma.

Ukakhala pansi adzakubweretsera tipoti ya tiyi wotentha ndi kabeseni kopanda kanthu. Tiyi woyambayo usathamangire kumwa. Ku Guangdong, chigawo chomwe kuli mzinda wa Guangzhou, anthu amatsukira nayo kapu, mbale ndi timitengo todyera, n'kuthira madziwo m'kabeseni. Yang'ana a patebulo loyandikana nawe, uchite zomwe akuchita. Wina akakuthirira tiyi, gogoda patebulo pang'ono ndi zala ziwiri, ndiko kuthokoza kwake. Tipoti ikatha, ingotsegula chivundikiro n'kuchisiya chopendekeka, abwera okha kudzawonjezera madzi.

Kadyedwe kawo sikadzakudabwitsa, chifukwa n'chimodzimodzi ndi momwe tinkadyera kwa agogo ako: ndiwo zimaikidwa pakati, aliyense n'kumatapa. Chako wekha ndi kambale ka mpunga, ndipo mpungawo umaitanitsa pawokha. Mukakhala atatu, ndiwo zitatu ndi msuzi umodzi zakwana. Ngati menyu ilibe zithunzi, loza mbale ya mnzako wa patebulo lina, palibe amene angakhumudwe.

Uyambe ndi mazira okazinga ndi tomato. Chimenecho chimaphikidwa pafupifupi m'nyumba iliyonse ku China, ndipo sichingakuvute m'mimba. Uitanitsenso choy sum, ndiwo zamasamba zokazinga ndi adyo, zomwe amazichotsa pamoto zikadali zobiriwira. Kunja kukayamba kuzizira pamapezeka mpunga wophikira m'kamphika kadothi, nyama ili pamwamba. Uthire sosi wa soya amene amakupatsa, usakanize, ndipo nkhoko zapansi usazisiye, kukoma konse kuli pamenepo. M'mawa kuli phala la mpunga, lomwe limathandizanso tsiku lomwe m'mimba simuli bwino.

Koma chomwe ndikufuna ulawe kwenikweni ndi nsomba yophika ndi nthunzi. Amaivuula yamoyo m'thanki iwe ukuona, amaiphika mphindi zochepa chabe, n'kuikapo jinja ndi anyezi wamasamba, kenako n'kuthirapo mafuta otentha. Ife tinazolowera kukazinga nsomba mpaka kuuma, ndiye poyamba udzaiona ngati sinapse. Yapsa, mwana wanga. Pamenepa ndi pomwenso alendo amalirira ndalama. Mtengo wolembedwa pa nsomba ndi nkhanu nthawi zambiri si wa mbale, ndi wa jin, ndipo jin imodzi ndi magalamu 500, theka la kilo. Asanaiphe, auze aiyeze pa sikelo, akulembere mtengo wonse pa foni kapena pa kakyuleta. Ukamaliza mbali yapamwamba usaitembenuze. Chotsa munga wapakati, upitirize. Asodzi a kumwera kwa China ankati kutembenuza nsomba n'kutembenuza bwato, ndipo akuluakulu ena amasungabe zimenezo.

Anthu a ku Guangdong sakonda tsabola. Koma mumzindamo muli malo ambiri a anthu ochokera ku zigawo za Hunan ndi Sichuan, ndipo tsabola wawo si wamasewera. Ukaona mbale za anthu zili psuu, unene kuti “bu la”, amva kuti sukufuna zowawa. Za nkhumba usamale, popeza iwe sudya. Imalowa m'zinthu zambiri, ngakhale mu msuzi, m'ma dumpling (timitanda ta ufa tokhala ndi nyama kapena masamba m'kati) ndi m'masamba okazingira mafuta ake. Upemphe wina akulembere m'Chitchaina papepala kuti sudya nkhumba, uziyenda nalo. Ukatopa ndi kufotokoza, funa malo ogulitsa manudo a nyama ya ng'ombe a kaphikidwe ka ku Lanzhou, mzinda wina wa ku China. Ambiri amayendetsa ndi Asilamu, zikwangwani zawo zimakhala zobiriwira, ndipo mumzinda monse alimo.

Timitengo tikakukanika, pempha supuni, si zamanyazi. Chimodzi chokha usachite: kuzika timitengo chilili mumpunga. Kwawo zimenezo zimakumbutsa zofukiza zomwe amayatsira akufa.

Polipira usasiye ndalama yapamwamba, kulibe mwambo umenewo, ndipo ena angakuthamangire kudzakubwezera. Pa bilu ukaona kandalama ka tiyi kapena ka mbale zokulunga m'pulasitiki, sanakubere, amatero kwa aliyense. Ambiri amalipira pa foni ndi WeChat Pay kapena Alipay, ndipo kuyambira 2023 makadi a banki a kunja amalumikizika mosavuta, choncho ukonze zimenezi usananyamuke, koma ukhalenso ndi ma yuan ochepa m'thumba. Wogulitsa katundu akakuitana, adzalipira ndi iyeyo. Uyesere kukana kamodzi kapena kawiri, kenako umulole, ndipo tsiku lina umuitane iweyo. Akakuikira chakudya m'mbale mwako, lawa ngakhale pang'ono. Za mitengo ya katundu usayambitse ndiwe, udikire ayambe yekha.

Madzi a pampopi usamwe osawiritsa. Unditumizire dzina la hotela yomwe ukafikire, ndipo ana ubwere nawo kuno Loweruka usananyamuke.

Ndine,
Mayi ako