Tizokongoletsera ta pa zovala ndi zikwama: tiziyang'ananso kuseri kwake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa tinthu timene ambiri amatiyesa tachabechabe, ndipo mwina ena adabwa kuti munthu wamkulu angagwire cholembera chifukwa cha ito. Ndikunena tizokongoletsera timene masiku ano tikupanidwa pa zingwe za m'mapewa za madiresi ndi mabulauzi, pa malamba a zikwama, pa mazipi ngakhalenso pa nsapato: timaluwa ta pulasitiki, tizidole ta ubweya, timitima tonyezimira, tizilembo ta maina ndi mikanda yolendewera pa kaunyolo. Ine ndine telala, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikusoka zovala ndi kukonza zikwama zong'ambika, kotero timeneti ndimationa kawiri, poyamba mwini wake akangotigula kumene nkhope ili mwee, kenaka tsiku limene wabwera ndi chingwe chosololoka ulusi akudandaula. Chimene ndaona n'chakuti ogula amangoyang'ana nkhope ya kachokongoletsera, pomwe ubwino wake kapena tsoka lake limakhala kuseri, pa kachopanira, pa chitsulo ndi pa guluu amene wamatitsa zonsezo.

Sindikutinyoza ayi. Kukoleka kanthu kokongola pa chovala si khalidwe lachilendo lobwera ndi intaneti monga ena amanenera. Ku Japan, m'nthawi imene amaitcha Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, amuna ankavala kimono yomwe inalibe matumba, choncho tizibokosi ta mankhwala ndi timatumba ta fodya ankatimanga ku chingwe chodutsa pansi pa lamba wa m'chiuno, ndipo kumapeto kwa chingwecho ankaikako kachosema kotchedwa netsuke kuti chingwe chisapulumuke. Amisiri ankasema netsuke pa mtengo kapena pa mnyanga wa njovu m'maonekedwe a nyama ndi anthu, koma ngakhale luso lawo linali lozama chotani, ankaonetsetsa kuti kachosemako kakhale kobulungira, kopanda nsonga zokola nsalu. Ku Ulaya, m'zaka za m'ma 1800, amayi oyang'anira nyumba ankakoleka m'chiuno chitsulo chokongoletsedwa chotchedwa chatelaine, chokhala ndi timaunyolo tonyamula makiyi, sizasi ndi kabokosi ka singano. M'zaka za m'ma 1930 kunatchukanso tizopanira ta miyala yonyezimira timene amayi ankatipana pakhosi pa diresi, pa zingwe za m'mapewa, pa chipewa kapena pa chikwama, nthawi zambiri tiwiritiwiri. M'zonsezi mmisiri ankayamba waganizira mmene kanthuko kadzagwirire nsalu, kukongola kunkabwera pambuyo. Lero zinthu zatembenuka, ndipo ndi kutembenuka kumeneku kumene kwandilembetsa kalatayi.

Chimene chinatembenuza zinthu ndi ndalama. Mu 2005 mayi wina wa ku Boulder m'chigawo cha Colorado ku America, Sheri Schmelzer, anayamba kutseka mabowo a nsapato za Crocs za ana ake ndi tizokongoletsera, natsegula kampani ya Jibbitz pamodzi ndi mwamuna wake, ndipo chaka chotsatira kampani ya Crocs inagula bizinesiyo pa madola 10 miliyoni, ndi lonjezo lowonjezera ena ngati malonda atayenda bwino. Mu 2013 kampani ya Fendi ya ku Italy inatulutsa tizilombo ta ubweya tolendewera pa zikwama, ndipo mu 2025 dziko lonse linapenga ndi kachidole ka Labubu, kamene Kasing Lung, wojambula wobadwira ku Hong Kong, anakapanga mu 2015, kampani ya Pop Mart ya ku China n'kuyamba kukagulitsa mu 2019. Pamene pagwa phindu lotere otsanzira sachedwa kufika, ndipo wotsanzira amatha kukopera nkhope ya chinthu mosaphonya, koma kachopanira, chitsulo ndi guluu amasankha zotchipa kwambiri chifukwa akudziwa kuti wogula sadzatembenuza.

Ubwino wake ulipo ndithu, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanaubisa. Chikwama chakale chimene mwini wake anatopa nacho chimaonekanso chatsopano chikangolendewera kaduwa kamodzi, ndipo zimenezi ine zimandisangalatsa kuposa kuona chikwama cholimba chikutayidwa chifukwa chongoti chatha fasho. Mwana wasukulu amazindikira msanga chikwama chake pakati pa zikwama makumi atatu zofanana, chimodzimodzinso wapaulendo amene akudikira katundu wake. Diresi limodzi lopanda maluwa limatha kuvalidwa ku ntchito masana, madzulo n'kupanapo kanthu konyezimira, n'kukhala lakuphwando.

Koma tiyeni titembenuze. Tizopanira tambiri timene ndimationa tili ndi kasipuling'i ndi timano ta chitsulo tosongoka ngati ta ng'ona, topangidwira kuluma nsalu yokhuthala kapena tsitsi. Timano totere tikaluma chingwe chopyapyala cha diresi, ulusi suduka tsiku lomwelo. Chimene chimachitika n'chakuti munthu akamayenda phewa limagwedezeka, kachokongoletsera kamatsetsereka pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwake, ndipo timano timapala malo amodzimodzi ngati tupa. Mayi wina anandibweretsera diresi la satini la buluu limene anali atangolivala kawiri. Nditaliyang'anitsitsa pa kuwala, pa chingwe cha kumanzere panali timabowo tinayi tondondozana, ulusi woterera utasololoka ngati ndevu za chimanga, ndipo pansi pake panali banga lofiirira la dzimbiri chifukwa diresilo linachapidwa kachokongoletsera kali pomwepo. Anandifunsa kuti, “Kodi atelala, nsalu imeneyi sanandinamize?” Nsalu inalibe mlandu. Nditatsegula kagulugufe kamene ankapanapo, ndinapeza kuti utoto wagolide unali utasupuka kale pa timano, chitsulo chenicheni chili poyera, chokhakhala ngati mwala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo kagulugufe kameneko pamaso kanalidi kokongola moti ine ndemwe ndikanakagula.

Kuyesa kachopanira sikufuna ukatswiri. Kapaneni pa khungu la pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala: ngati kakupwetekani, nsalu yopyapyala sikaisiya yamoyo, ndipo ngati sikakugwira n'komwe, kadzagwa m'njira inu osadziwa. Kabwino kamakhala ndi kapulasitiki kofewa kapena kalabala m'kamwa mwake m'malo mwa timano. Pa zikwama vuto limakhala la malo okolekapo. Anthu ambiri amakoleka tizidole tolemera pa kogwirira ka zipi chifukwa ndi pomwe pali kabowo kooneka msanga, osadziwa kuti mutu wa zipi unapangidwira kukokedwa motsatira njira yake, osati kulemedwa cham'mbali tsiku lonse. Pakapita nthawi mutuwo umakanuka, zipi n'kumatseka kutsogolo kwinaku ikutseguka kumbuyo, ndipo zikwama zambiri zimene ndasintha zipi zinafika potero chifukwa cha zimenezi. Malo oyenera ndi kamphete ka chitsulo kolumikiza lamba ndi chikwama. Ndionjezerepo kuti ubweya wonyikidwa mu utoto wotchipa umasiya mtundu wake pa chikopa choyera ukanyowa ndi mvula, ndipo banga lotero silichoka.

Nkhani ya chitsulo ndi yofunika kuifotokoza bwino chifukwa imakhudza thupi. Tizopanira tambiri totchipa timakutidwa ndi chitsulo chotchedwa nickel kuti tiziwala, ndipo nickel ali m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa kwambiri ziwengo za pakhungu padziko lonse. Kachokongoletsera kolendewera pa chikwama sikakhudza thupi nthawi yaitali, koma ka pa chingwe cha diresi kamagona pa phewa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, thukuta likusungunula chitsulocho pang'onopang'ono. Zotsatira zake ndi kuyabwa ndi tizilonda tofiira tojambula ndendende malo amene chitsulo chinakhudza, ndipo thupi likangoyamba kudana ndi nickel nthawi zambiri limadana naye moyo wonse. N'chifukwa chake mayiko a mu mgwirizano wa European Union anakhazikitsa lamulo mu 1994 lakuti chinthu chokhalitsa pakhungu chisatulutse nickel wopitirira theka la microgram, kamuyeso kochepetsetsa ka kulemera, pa sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi pa sabata. Wogula wamba alibe chida choyezera zimenezi, koma angathe kusankha kachopanira ka pulasitiki, ka chitsulo chosachita dzimbiri, kapena kokutidwa ndi nsalu kumbali yoyang'ana thupi.

Chondidetsa nkhawa koposa ndi ana aang'ono, pakuti tinthu timeneti timapangidwa m'maonekedwe amene mwana sangawapirire, ndipo timalendewera pa msinkhu umene dzanja lake limafika. Tsiku lina mayi anakhala pa benchi akudikira kuti ndimalize kupinda siketi yake, mwana wa chaka chimodzi ali pamiyendo, chikwama chili pambali. Tili m'kati mocheza ndinangoona mwana watseka pakamwa kuti phwii, masaya atafufuma, ndipo kachimbalangondo ka pa chikwama katatsala ndi diso limodzi. Mwamwayi diso linalo linali likadali pa lilime, ndipo amake analichotsa asanalimeze. Nditakoka diso lotsalalo ndi zikhadabo, linachoka popanda kulimbana nalo, chifukwa linangomatidwa ndi kadontho ka guluu m'malo mosokedwa kapena kukhomedwa ndi chotsekera cha m'kati.

Mayiko amene amayeza zidole ali ndi muyeso wa zimenezi. Ku America amagwiritsa ntchito kachubu kotambalala mamilimita 31.7, ndipo kanthu kalikonse kolowa konse m'kachubuko, kapena kachidutswa kothothoka pa chidole, amakaletsa pa zinthu za ana osakwana zaka zitatu chifukwa kangathe kuwatsamwitsa. Vuto n'lakuti kachokongoletsera ka pa chikwama cha munthu wamkulu kawirikawiri sikawerengedwa ngati chidole, pomwe mwana sadziwa kusiyanitsa. Mu Ogasiti 2025 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, la Consumer Product Safety Commission, linachenjeza anthu za tizidole ta Labubu tachinyengo ponena kuti timaphwasuka mosavuta ndipo tingatsamwitse ana. Kumeza kulinso ndi zoopsa zina zoposa kutsamwa. Mu 2006 mnyamata wa zaka zinayi wa mu mzinda wa Minneapolis anamwalira atameza kamtima ka chitsulo ka pa chibangili chimene chinkaperekedwa mwaulere pogula nsapato za Reebok, ndipo atakayeza anapeza kuti pafupifupi konse kanali ka mtovu. Kampaniyo inaitanitsa zibangili 300,000 kuti zibwezedwe, ndipo mu 2008 inavomera kulipira chindapusa cha madola 1 miliyoni. Ngati zinachitika ndi katundu wa kampani yodziwika chotero, nanga bwanji kanthu kopanda dzina la wopanga, kogulitsidwa kopanda ngakhale pepala?

Tizokongoletsera tothwanima usiku tili ndi kabatire kobulungira ngati batani, ndipo kabatire kotere kakatsakamira kummero kwa mwana kamatha kuwotcha mnofu m'maola awiri okha. Tina timagwira nsalu ndi maginito awiri m'malo mwa kachopanira, zomwe ndi zabwino ku nsalu chifukwa siziiboola, koma mwana akameza maginito awiri amatha kukokana ali m'matumbo osiyana n'kuboola matumbowo. Mwana amene akuganiziridwa kuti wameza batire kapena maginito ayenera kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka kuti akusewera bwinobwino. Ngakhale tizingwe tokongoletsedwa ndi mikanda topanira titi ya mwana ku malaya tili ndi malire ake: muyeso wa ku Ulaya umati chingwe chake chisapitirire masentimita 22, kuopa kuti chingazungulire khosi, koma ndaonapo makolo akutalikitsa ndi riboni kuti chizifika bwino.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti olemba anu a nkhani za fasho akamationetsa zithunzi za tinthu timeneti, azitijambulanso kuseri kwake, ndipo aziuza owerenga ngati maso ndi mikanda yake ndi yosokedwa kapena yomatidwa, ngati chitsulo chake chalembedwa dzina, ndiponso ngati chotsekera batire chili ndi sikuluwu. Ogulitsa nawonso asamataye timapepala timene katunduyu amabwera nato, chifukwa nthawi zina ndi pomwe pamalembedwa chenjezo la msinkhu wa mwana, ndipo asamakwiye wogula akakoka diso la kachidole asanalipire.

Mayi wa diresi la buluu uja sanafune kusiya kagulugufe kake, ndipo ine sindinamukakamize. Ndinadula zingwe zonse ziwiri n'kusoka zatsopano zochindikala pang'ono, ndinachotsa kachopanira ka timano kaja ndi pulayala, kenaka ndinasokera kagulugufeko pa kachidutswa ka nsalu yomweyo kokhala ndi batani lodina, kuti azikakulunga pa chingwe akafuna ndi kukachotsa asanachape. Miyezi ingapo itapita anabweranso ndi tizokongoletsera tina titatu m'kathumba, kuti nditikonze chimodzimodzi asanativale n'komwe.

Ine wanu,
Telala wowerenga nyuzipepala yanu