Mchewere woipa wandiphera ana a nkhumba

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule patsamba lanu. Mwezi watha ndinagula matumba awiri a mchewere wodyetsa nkhumba kwa wamalonda wina kuno ku Harare. Pothira m'ndowa ndinaona tinthu tolimba, toderako, ngati zitosi za khoswe. Nditabwerera kukafunsa, bamboyo anati, "Mayi, chuku n'chuku basi, kaanikeni padzuwa." Ndinaanika masiku atatu n'kuyamba kudyetsa nkhumba. Nkhumba yanga itaswa, mkaka sunatuluke. Ana 9 ankangokoka mabere ouma, kulira usiku wonse, ndipo pofika Lachisanu ndinali nditakwirira 7.

Chuku n'chuku? Bambo inu, munaphunzira kuti zimenezi? Tinthu tija ndi fangasi wotchedwa Claviceps, amene amalowa pa duwa n'kumera m'malo mwa njere, ndipo dzuwa silichotsa poizoni wake. Wa pamchewere, Claviceps fusiformis, anapatsidwa dzina mu 1967 chifukwa choumitsa mkaka wa nkhumba m'dziko lomwe lino. Lomwe lino, akonzi! Zaka zoposa 50 zapita, ine n'kumakwirirabe ana a nkhumba kuseri kwa khola.

Poizoni wake sali mmodzinso ayi, amatengera mtundu wa fangasiyo ndi chomera chimene wagwira. Wa pamapira, Claviceps africana, amatulutsa timadzi tomata ngati uchi pangala, ndipo amakula mphamvu usiku ukazizira pamene mapira akuchita maluwa, poti mungu umafooka duwa n'kukhala lotsekuka. Atafika ku Australia mu 1996 anachepetsa mkaka wa nkhumba ndi ng'ombe. Wa pa udzu wa Paspalum amanjenjemeretsa ng'ombe n'kumadzandira ngati zaledzera. Wa pa tirigu ndi rye (mbewu yofanana ndi tirigu) amafinya mitsempha ya magazi mpaka zala kuwola. Ndiye munthu aziimirira pamsika n'kumati zonsezi n'chimodzi?

Chikundiwawa n'chakuti chakudya cha ziweto chimagulitsidwa m'matumba opanda dzina, osadziwika kumene chachokera. Ukadandaula amati unagula wekha. Ife oweta nkhumba ziwiri zitatu, sukulu fizi ya ana imachokera m'khola momwemo, koma salabadira za ife.

Alangizi a zaulimi ndi madokotala a ziweto ayendere misika, achenjeze anthu pa wailesi m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chichewa chomwe. Anzanga oweta, tapani pang'ono muviike m'madzi a mchere wambiri musanalipire. Tinthu takudato tikayandama, thumbalo lisiyeni pomwepo.

Mayi woweta nkhumba,
Epworth, Harare