Chilungamo cha konvenshoni chiyambire pa mndandanda wa nthumwi

A Mkonzi,

Tikamakamba za chisankho maso athu amakhala pa MEC, chonsecho munthu amene adzaimire chipani pa mpando wa pulezidenti amakhala atasankhidwa kale ndi nthumwi ku konvenshoni. Mu 2013 nthumwi za MCP zinasankha a Lazarus Chakwera kusiya a John Tembo, ndipo mu Novembala 2024 ku Mzuzu za UTM zinasankha a Dalitso Kabambe. Nanga nthumwizo amazisankha ndani, ndipo liti?

Mavoti a mu holo amawerengedwa aliyense akuona. Pokhota zinthu ndi m'mbuyo, polemba mndandanda. Nthumwi zambiri zimachokera m'makomiti a konsitichuwense, a boma ndi a chigawo, kuphatikiza a amayi ndi achinyamata. Choncho wofuna kupambana mwachidule salimbana ndi mamembala. Amangoonetsetsa kuti komiti yosamukonda yathetsedwa kutatsala masabata ochepa, n'kuikapo yongogwirizira. Wapampando amene wakhala akuyendera nthambi pa njinga kuchokera ku Khombedza mpaka ku Chipoka amakamvera pa chipata cha holo kuti dzina lake palibe. Izi n'zopweteka, ndipo anthu otere ndi amene amakathera koima paokha kapena kutuluka chipani.

Kagawidwe ka mipando nakonso n'kofunika kukaunika. Tiyerekeze kuti konsitichuwense ina ili ndi nthambi 200, ina 40, koma iliyonse ikutumiza nthumwi 9. Ndiye kuti liwu la membala wa kochepako likulemera kasanu kuposa la mnzake. Onjezerani ovota chifukwa cha udindo, amene ena mwa iwo anaikidwa ndi mtsogoleri yemweyo amene akupikisana nawo, muona kuti mpikisano watha usanayambe.

Vutoli si lathu lokha. Ku America chipani cha Democratic chimagawa nthumwi molingana ndi mavoti, bola munthu apeze 15 pa 100 alionse, ndipo mu 2018 chinachotsera akuluakulu ake mphamvu yogamula wopambana pa ulendo woyamba wa voti. Sitikuti titengere zonse, koma lamulo lawo limadziwika mpikisano usanayambe.

Zipani zathu ziike tsiku lotsekera, mwina miyezi 6 konvenshoni isanachitike, lomwe likadutsa palibe komiti yothetsedwa kapena kusinthidwa. Mndandanda wa nthumwi, wokhala ndi dzina, udindo ndi dera, umatidwe pa ofesi ya chipani pa boma kwa masiku 30, ndipo wopikisana aliyense apatsidwe wake tsiku limodzi ndi anzake. Madandaulo amvedwe ndi anthu amene sakupikisana pa mpando uliwonse.

Za ndalama tisazibise. Nthumwi yochokera ku Lifuwu, imene nsomba zake sizinagulidwe sabata imeneyo, singadzilipirire basi, chakudya ndi pogona masiku atatu ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Wopikisana akailipirira n'kuigoneka ku loji imodzi ndi anzake, ena osaloledwa kuyandikira, voti ija yagulidwa kale ngakhale ikhale yachinsinsi. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti. Ndalama zimene opikisana amalipira potenga mafomu zipite ku thumba limodzi la chipani, lolipirira nthumwi zonse mofanana, ndipo ofesi ya mlembi wa zipani ifunse malisiti ake.

Owerenga anu,
Salima