Ndife aphunzitsi, a Mkonzi, si gulu la zovina

A Mkonzi,

Ndawerenga nkhani imene munatulutsa sabata yatha yokhudza mwambo wa nthambi yathu ya aphunzitsi aakazi umene unachitikira pa TDC (malo ochitira maphunziro ndi misonkhano ya aphunzitsi a m'zoni) ya kuno kwathu, ndipo ndayamba kukayika ngati ndinalipodi. Ine ndikukumbukira kuti tinasonkhana kuti tiyamikire anzathu amene achita zazikulu chaka chino, ndipo ndalama ya mpunga ndi nkhuku ndinasonkha nawo. Koma malinga ndi nyuzipepala yanu, chimene chinachitika tsikulo n'chakuti bwana wina wochokera kutauni anabwera, analankhula, ndipo amayi ena anamuvinira. Basi. Zikomo kwambiri potikumbutsa malo athu.

Chithunzi chija ndicho chandiwawa kuposa zonse. Bwanayo ali pakati, tayi yawongoka bwino, dzina lake mwalemba lonse, udindo wake mwaulemba osasiyako chilembo n'chimodzi chomwe. Kumbuyo kwake kuli amayi ovala zitenje zofanana, ndipo mmunsi mwake mwalemba kuti amenewa ankasangalatsa mlendo wolemekezeka. Amayi ake ati? Ochokera kuti? Alibe mayina? Amene mwamudula theka la nkhope kumanzere kwa chithunzicho ndi mphunzitsi wa sitandade 2 amene wangotenga kumene digiri ya zamaphunziro ku Domasi. Anayamba ndi satifiketi ya uphunzitsi wa kupulayimale, kenako dipuloma, pano digiri, ndipo zonsezi waphunzira ali pantchito. Holide iliyonse anzake tikupita kumunda, iye ali m'minibasi ya ku Zomba. Fizi ankalipira ndi ngongole ya banki m'khonde, pamene ana ake omwe akufunanso fizi. Ntchito za kukoleji ankalembera kuwala kwa tochi ya foni, chifukwa kusukulu kumene amaphunzitsa mapolo a magetsi anathera pamsika, makilomita angapo kumbuyo. Ameneyo kwa inu ndi wovina.

Amene akuoneka mkono wokha pafupi naye ndi mayi amene amatsogolera ntchito yathu yolondola atsikana osiya sukulu. Mwina ntchito imeneyi simuidziwa, ndiye ndikufotokozereni. Mtsikana akajomba nthawi yaitali, mphunzitsi wake amadziwitsa amayi a mother group a pasukulupo, ndipo Loweruka mayiyu amapalasa njinga yake kupita nawo kwa makolo. Kumeneko sapatsidwa mpando. Amauzidwa kuti mwana ndi wathu, inu zikukukhudzani chiyani. Amauzidwa kuti mnyamata wobwera ku Joni wagula kale malata, ndiye sukulu ya chiyani. Ena amamunena kuti ali ndi nsanje, ena amamuopseza ndi mankhwala. Akalephera pakhomopo amapita kwa a nyakwawa, akalephera kwa a nyakwawa amakwera kwa a gulupu. Ndipo mtsikanayo akavomera kubwerera, ntchito imakhala itangoyamba kumene: kumupezera yunifomu, kunyengerera agogo kuti azisamala khanda m'mawa, ndi kudzudzula anyamata a m'kalasi amene amamuitana kuti make mwana. Ena mwa atsikana amene anawabweza atabereka alemba mayeso a sitandade 8 chaka chino, ndipo wina wasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Mtsikanayo analipo pamwambowo, analankhula, anthu anagwetsa misozi. M'nkhani yanu mulibe.

Mulibenso za makina osokera amene tinagula posonkherana kuchokera pa malipiro athu omwewa, amene timasokera mapadi ochapa n'kumagawira atsikana m'masukulu a m'zoni yathu. Boma linachotsa msonkho pa mapadi mu 2022, tikuyamika, koma pitani kugolosale ya kumudzi mukafunse mtengo wa paketi imodzi, kenako mukafunse mayi wogulitsa zitumbuwa ngati angamagule mwezi ndi mwezi. Mulibenso za mnzathu amene anakaphunzira ku Montfort, ku Chiradzulu, za kaphunzitsidwe ka ana aulumali, ndipo pano akuphunzitsa ana osaona kuwerenga ndi zala, ana amene kale ankangotsekeredwa m'nyumba. Zonsezi zinali papepala la ndondomeko ya mwambo limene mtolankhani wanu anapatsidwa m'manja. Ndinamuona ndi maso angawa akudzikupizira nalo mphepo.

Inde, tinavina. Sindikukana, ndipo chimtali ndimachikonda ngakhale mawondo anayamba kudandaula. Koma tinkavinira mnzathu wa digiri uja, pamene mlembi wathu anatchula dzina lake. Bwanayo anangodzuka pampando n'kudzaima kutsogolo kwathu ataona kamera. Ife a msinkhu wanga tinavinira Ngwazi tili ana asukulu, ndipo amayi athu ankakwezedwa m'malole kukavina monga mbumba. Tinkaganiza kuti pofika 1994 zimenezo zinatha, kuti tsopano mayi akhoza kuvina chifukwa cha chimwemwe chake. Kodi kuofesi kwanuko uthengawu sunafike?

Za bwanayo ndisanene zambiri, ngakhale zilipo. Mwambo unayenera kuyamba 9 koloko, iye anafika dzuwa litapendeka. Ana amene anakonzekera ndakatulo anakhala padzuwa mpaka ena anayamba kugona. Atafika analankhula nthawi yaitali za mmene iye amalemekezera amayi, za mmene mayi ake omubereka anamulerera movutika, ndiponso za ulendo wake wa kunja. Anatilangiza kuti tizilimbikira ntchito, ife amene tinadzuka tambala woyamba kudzasesa bwalolo. Itakwana nthawi yopereka masatifiketi, wothandizira wake ananong'oneza wapampando wathu kuti bwana ali ndi zochita zina, ndiye tichite mwachidule. Anadya, ananyamuka. Masatifiketi tinapatsana tokha galimoto yake itapita, ndipo mtolankhani wanu sanaone chilichonse chifukwa anabwera pa galimoto yomweyo ndipo anabwerera pa galimoto yomweyo. Sindikunena kuti panali chipondamthengo, a Mkonzi, ine ndine mphunzitsi chabe. Ndikungofunsa kuti munthu amene wakwezedwa ulere kupita ndi kubwera angalembe nkhani ya ndani?

Mwina mukuganiza kuti timagulu ta aphunzitsi aakazi ndi tochezera chabe, tosonkherana za maukwati ndi maliro. Funsani akuluakulu amene akudziwa mbiri ya maphunziro. Bungwe la FAWE, lolimbikitsa maphunziro a atsikana, linayambitsidwa mu 1992 ndi amayi asanu amene anali nduna za maphunziro m'mayiko a mu Africa muno, ena mwa iwo a Fay Chung a ku Zimbabwe ndi a Vida Yeboah a ku Ghana, ndipo nthambi yake ya kuno, FAWEMA, inakhazikitsidwa mu 1993. Chaka chomwecho dziko lino linavomereza kuti mtsikana amene watenga mimba ali pasukulu akhoza kubwerera akabereka. Kale ankachotsedwa, nkhani n'kuthera pomwepo, pamene womuchimwitsayo akupitiriza maphunziro ake mosatekeseka. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Malamulo onsewa ndi abwino, koma lamulo silipalasa njinga. Limakhala m'kabati ku Lilongwe mpaka mphunzitsi wina wamkazi atalitengera pakhomo pa kholo lovuta. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana, ndipo inayeneradi kutchuka, koma ana amene inawachotsa m'mabanjawo anakalandiridwa ndi ndani m'kalasi? Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, atsikana zikwizikwi anatenga mimba ndipo ena anakwatiwa. Nyuzipepala yanu yomwe inalira nawo pa tsamba loyamba. Amene anayenda khomo ndi khomo kuwatolera sukulu zitatsegulidwa ndi amayi omwewa amene mwawadula nkhopewa.

Dziko lino lakhalapo ndi amayi otsogolera unduna wa zamaphunziro, a Agnes NyaLonje, kenako a Madalitso Kambauwa Wirima. Lili ndi a Pulofesa Address Malata amene anapatsidwa udindo wotsogolera yunivesite ya MUST ku Thyolo. Onsewa anadutsa m'manja mwa aphunzitsi. Ndikukhulupirira kuti akanakhala pamwambo wathu atavala chitenje cha nthambi yathu, mukanalemba kuti mayi wina akuomba m'manja.

Ndipo nkhani si ya chithunzi chokha. Kutidyera masuku pamutu kumeneku tinakuzolowera kuntchito komwe. Ine ndinalowa uphunzitsi m'gulu lija limene boma linalemba mwachangu maphunziro aulere a kupulayimale atayamba mu 1994, pamene ana anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Tinaponyedwa m'makalasi ndi choko m'manja, maphunziro a ntchito tinadzachita pambuyo kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ali kale pantchito. Kuyambira nthawi imeneyo ndaona chinthu chimodzi chosasintha: pogawa makalasi, sitandade 1 ndi 2 n'za amayi, akuti chifukwa tili ndi mtima wa ubereki. Boma limanena kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, koma lowani mu sitandade 1 muwerenge nokha. Kuposa 100, atakhala pansi, ena pansi pa mtengo, ena osadya kanthu. Amene amaphunzitsa mwana kugwira pensulo ndi kutchula a, e, i, o, u ndi ife. Mwanayo akakhoza sitandade 8, amene amajambulidwa ndi ahedi, ndipo m'masukulu ambiri amene ndaphunzitsamo ahediwo ndi abambo. Kukabwera msonkhano wa alawansi kunyanja, dzina lopita limadziwika kale. Kukabwera alendo pasukulu, amene amauzidwa kuti asiye kalasi akaphike amadziwikanso.

Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limanena momveka kuti polemba anthu ntchito m'boma, mbali imodzi isapitirire 60 pa 100 aliwonse ndipo ina isachepere 40. Kodi alipo mtolankhani amene anawerengapo kuti mwa ahedi, mwa ma PEA (alangizi a sukulu za pulayimale m'mazoni), mwa oyang'anira maphunziro m'maboma, amayi ndi angati? Imeneyo ndiye nkhani, koma ilibe galimoto yokunyamulani. Amatinena kuti aphunzitsi aakazi timakana kumidzi, timakonda kutauni. Pitani mukaone nyumba imene mtsikana wongotuluka kumene ku koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke amapatsidwa: denga lodontha, chitseko chotsekera ndi mwala, chimbudzi chogawana ndi ana asukulu, chipatala kutali, mjigo kutsidya la dambo. Ena nyumba kulibe n'komwe, amachita lendi kachipinda kuseri kwa malo omwera mowa. Kaalawansi kakumudzi kamathera kabaza wopita kuboma kukatenga malipiro. Pamene mtsikana wa m'mudzimo akufunika kuona ndi maso ake mayi wophunzira, wolandira malipiro ake, kuti akhulupirire kuti sukulu ili ndi phindu. Za kukhala pa giredi imodzi zaka ndi zaka osakwezedwa ndisayambe n'komwe, tsamba lanu lingathe.

Tsono chitani izi, sizovuta. Tulutsaninso nkhaniyo, mulembe mayina a onse amene analandira masatifiketi ndi zimene anachita, ndipo chithunzi chikhale cha iwowo nkhope zonse zikuoneka. Mtolankhani wanu muzimupatsa ndalama yoyendera kuti azifika nthawi yake ndi kuchoka mwambo utatha. Mutipatsenso kadanga kamodzi pamwezi koti nthambi ngati yathu, za m'maboma onse, zizilembamo zimene zikuchita. Tidzalemba tokha, ndipo galamala simudzavutika nayo pokonza. Kwa anzanga a m'komiti, chaka chamawa mlendo wolemekezeka akhale mmodzi mwa atsikana amene tinawabweza kusukulu, ameneyo sadzachedwa. Nambala ya mlembi wathu mtolankhani wanu ali nayo, pakuti ndi amene anamuitana.

Ndine,
Mayi mphunzitsi wa sitandade 1