Klorini asamadikire maliro

Akonzi,

Ndine msungichuma wa komiti ya mjigo m'mudzi wina kuno ku Machinga, boma lomwe kolera anayambira mu Malichi 2022, namondwe Ana atangogwetsa zimbudzi zathu. Mliri umenewo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ife tinaika awiri.

Mjigo wathu ulibe mlandu, madzi amatuluka oyera mbee. Amawonongekera panjira ndi m'nyumba. Dzaoneni m'mawa: mtsikana akamatwika mnzake ndowa, zala zonse zimamira m'madzi, kenako athyola masamba a m'mbali mwa njira n'kuika pamwamba kuti asakhavukire. Akafika kunyumba, chikho ndi chimodzi chomwecho. Mwana amwera, achisiya pansi pomwe nkhuku zangodutsa, agogo achitola n'kuviika mumtsuko. Tizilombo ta kolera kapena taifodi sitisintha mtundu wa madzi, ndiponso sitinunkha. Munthu amamwa mtima uli m'malo.

Mu 2023, nthawi ya kampeni ya Tithetse Kolera, alangizi a zaumoyo ankatigawira klorini wosungunula kale m'mabotolo. Tinaphunzira kuthira, kuvindikira ndi kudikira mphindi 30 tisanamwe. Tinaphunziranso kuti madzi amatope ayambe adikha ndi kusefedwa pansalu yoyera, chifukwa klorini amathera pamatopewo tizilombo n'kutsala. Abambo ena ankadandaula kuti tiyi sakukoma, koma ankamwa ndithu, poti maliro anali pakhomo loyandikana. Odwala atachepa, klorini nayenso anasowa. Botolo langa lili pawindo, louma gwaa.

Ena amati tiziwiritsa. Zoona, madzi akabwata bwino tizilombo timafa, koma banja la anthu asanu ndi awiri lingawiritse ndowa zingati, nkhuni tikukazitola kuphiri? Amene amatero sanasenzepo mtolo.

Ndikupempha amene amagawa klorini kuti azitifikira mu Okutobala, mvula isanagwe, osati munthu woyamba atagonekedwa kale m'tenti. Ife sitinangokhala manja lende. Pandalama zomwe timasonkha mwezi ndi mwezi zokonzera mjigo, tagwirizana kupatulako zogulira ndowa za mpopi, kuyambira makomo a ana aang'ono, kuti chikho chisamalowenso m'madzi. Ndowazo tigula tokha. Chothiramo ndicho tilibe.

Msungichuma wa mjigo,
Machinga