Kalata yochokera ku South Bend

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi abale onse kumeneko. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa la Julaye likuswa mtengo pomwe inu mukuwotha moto. Achemwali anandiuza pa foni kuti munadabwa mutaona chithunzi chathu cha ku bwalo la masewera, ati mwana wanu wayamba kumwaza ndalama pa mpira wa azungu. Ndati ndikulembereni bwinobwino kuti mtima ukhale m'malo.

Masewerawa amatchedwa baseball. Amafananako ndi maraundasi aja tinkasewera pabwalo la sukulu, koma kuno wina amaponya kampira kolimba mwamphamvu, mnzake n'kukamenya ndi chibonga kenako n'kuthamanga kuzungulira malo anayi. Omenya atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana, ndipo amatero maulendo 9. Timu ya mumzinda wathu ndi South Bend Cubs, imasewera pa Four Winds Field, bwalo lomwe linatsegulidwa mu 1987. Si timu yayikulu ayi. Kuyambira 2015 ndi nazale ya Chicago Cubs, ndipo mnyamata akachita bwino kuno amayenera kukwerabe masitepe awiri, ku Tennessee ndi ku Iowa, asanaponde bwalo lalikulu la Wrigley ku Chicago. N'chifukwa chake khomo lake ndi lotsika mtengo, munthu wa kufakitale ngati ine ndingathe kulowa ndi banja lonse.

Amayi, mukudziwa mmene tikukhalira. Ine ndimadzuka kusanache kupita ku Elkhart komwe timapanga ngolo zogonamo zija, mpongozi wanu amagwira usiku kosamalira okalamba. Timangopatsana makiyi pakhomo. Ana amadya okha masiku ambiri, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa msana. Ku bwaloko ndi kumene ndimakhala nawo pansi maola atatu popanda wondiitana. Masewerawo amayenda pang'onopang'ono, moti mumacheza mpaka nkhani kutha. Chisomo anandifotokozera kumeneko zoti mnzake wina amamuseka kusukulu chifukwa cha dzina, zomwe kunyumba sanatchulepo. Ndiyenso amandiphunzitsa malamulo, chala chili pa bolodi la zigoli.

Tadala mpira alibe nawo ntchito. Iye ndi malo a ana omwe madzi amatumphuka pansi, anabwerako atanyowa mpaka nsapato, chimanga chokazinga chili m'manja, akunjenjemera koma akukana kuvala juzi. Mpira ukagwera kwa oonerera saubweza, woutola ndi wake, ndiye Chisomo anakhala usiku wonse golovesi ili kudzanja. Pakati pa ulendo wa 7 bwalo lonse limaimirira kuwongola miyendo ndi kuimba, ndipo Lachisanu akamaliza amaphulitsa makombola.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi anyamata osewerawo. Ambiri ndi a zaka za m'ma 20, ena ochokera ku Dominican Republic ndi ku Venezuela, Chingerezi chawo chovutikira ngati changa nditangofika. Tinakhala pafupi ndi pomwe amakonzekera, ndipo ndinaona mmodzi atalephera kumenya, anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi thawulo. Ndinadziwa kuti kwawo kuli mayi amene akudikira ndalama. Mu 2022 osewera a gawo limeneli ankayambira madola 11,000 pa chaka, ndalama yosakwana ngakhale lendi kuno. Atapanga bungwe lawo, mu 2023 malipiro anakwera kufika 27,300, ndipo nyumba tsopano amawapezera ndi matimu. Ngakhale zili choncho, ochepa okha ndi amene amakafika ku Chicago, ena onse tsiku lina amangouzidwa kuti alongedze katundu. Ndikamawaombera m'manja ndimachita ndi mtima wonse, chifukwa ndi anzanga a paulendo.

Nyengo yake imatha mu Seputembala, kenako kuzizira kumatitsekera m'nyumba, choncho tipitanso isanathe. Ndalama ya feteleza sinakhudzidwe, nditumiza kumapeto kwa mwezi uno pamodzi ndi ya malata a khitchini. Muwauze achimwene agule msanga mitengo isanakwere, ndipo andiuze ngati mankhwala anu a BP akadalipo.

Mupereke moni kwa amalume ndi onse a ku tchalitchi. Adzukulu anu akuti agogo awatumizire chiponde.

Ndine mwana wanu,
Bambo a Chisomo